Mbala Yomwe Inavundikira Lenzi

Tahira Gondal anafika pa msewu wa Nisbat Lolemba m'mawa, maso ali pansi ngati kuti wopalamula ndi iyeyo. Anali atagwira ntchito ya upolisi mumzinda wa Lahore zaka khumi ndi zinayi, koma anali asanaipidwepo ndi yunifolomu yake monga mmene anaipidwira nayo m'masiku awiri apitawo.

Lachinayi lapitalo, banja la a Chattha, eni fakitale ya nsalu, linachita mwambo wa mehendi wa mwana wawo wamkazi, wopaka mkwatibwi utoto wokongoletsa m'manja ukwati usanafike. Kuchipinda cha akazi mipango yakumutu inavulidwa, atsikana n'kuvina mosaopa diso la mwamuna. N'chifukwa chake anaitana wojambula wamkazi, Zartaj. Phwando litatha, monga amachitira mabanja osunga mwambo, Zartaj anatulutsa kakhadi kosunga zithunzi m'kamera n'kukapereka m'manja mwa azakhali a mkwatibwi. Kutacha, kakhadiko kanapezeka kopanda chithunzi ngakhale chimodzi. Masana a Lachisanu lomwelo, kamera nayo inasowa.

A Chattha sanafune kumva zambiri. Kwa iwo mtsikanayo anasinthanitsa makhadi, kenako n'kubisa kamera, ndipo zithunzi za ana awo ali mitu pamtunda zinali pa ulendo wopita m'mafoni a anthu. Foni imodzi kwa akuluakulu apolisi inakwanira. Loweruka Tahira anakhuthula mabokosi a m'nyumba ya Zartaj, anthu a m'kanjira ka kwawo akuonerera ali pamadenga. Pamene ankamukweza m'galimoto, Zartaj anati, "Baji Tahira, achemwali, ndine ndinajambula ukwati wa mng'ono wanu. Mukundidziwa." Ndipo Tahira, poona kuti bwana wake akumva, anayankha kuti, "Sindikudziwa iwe."

Mawu awiri amenewo ndi omwe ankamulemera tsopano, pamene ankalowa m'shopu ya Ustadi Inayat, wokonza makamera, mmene kamerayo inabedwera.

Mkuluyo anakankhira galasi lake lokuzira zinthu pamphumi n'kumuyang'ana. "Mwabwera kudzandimanga nanenso, mwana wanga? Dikirani ndimalize tiyi. Ndamva kuti kwanuko mumapereka wozizira."

"Ndiuzeni za Lachisanu, Ustadi. Musadumphe kanthu."

"Zartaj anabwera akulira, kumzikiti akuitana kale. Akuti, Ustadi, tayang'anani kamerayi, yameza zithunzi za eni. Ine ndinati, mwana wanga, Mulungu kaye, kamera pambuyo. Ndinaiika pa thebulo pano, ndinakhoma, kiyi n'kumukoleka kuseri kwa mita ya magetsi monga timachitira tonse m'nyumba muno. Ndipo tsiku limenelo ndinazunzika! Ndi mawondo anga owolawa, mpando wanga wopempherera ndinaukoka ndekha mpaka kumzikiti ngati bulu wa njerwa. Pobwerera, loko ali bwinobwino, kiyi ali pamalo pake, kamera palibe."

"Anatenga chinanso?"

"Funsani chomwe anasiya." Ustadi anatsegula kabati n'kutulutsa lenzi yaitali yakuda. "Iyi inali pa kamerayo. Mtengo wake umaposa wa kamera kawiri. Anaichotsa bwinobwino, anaivundikira kutsogolo, anafufuza m'dirowa mwanga chivundikiro chakumbuyo, n'kuiimika pa kansalu. Tandiuzani, apolisi, ndi mbala yanji imene imaopa kuti fumbi lingalowe m'katundu wa mwini?"

Tahira analemba zimenezo. "Kamerayo inali ndi vuto lililonse?"

"Vuto la abale ake onse. Makamera a Senaro amenewo amaona chilichonse kupatula diso la mkwatibwi. Ikangoona golide wolendewera pamphumi, imathamangira komweko ngati apongozi, nkhope n'kutsala chifunga. Chaka chathunthu ojambula akhala akufunsa kuti, kodi mudzakonza pulogalamu ya m'katimo, kapena tigulitse tigule zina? Kampani ili duu. Ena agulitsa zawo pa mtengo wa anyezi. Ndiye tsiku lina udzangodzuka n'kumva kuti pulogalamu yatsopano yatuluka, iwe utataya kale. Munthu ukamagula njati yoweta ya mkaka, mwini wake amakuuza ngati ili ndi bere. Awa ayi."

Tahira anatseka kabuku kake. Ali pakhomo anacheukanso n'kuyang'ana lenziyo. Munthu amene anaivundikirayo sankadana ndi Zartaj. Koma nanga anamusiyiranji m'chitolokosi?

* * *

Mayi Surraya, azakhali a mkwatibwi, sanamupatse Tahira mpando.

"Simunazipezebe zithunzizo? Masiku awiri muli naye mtsikanayo m'manja, ndipo mukubwera kuno chimanjamanja?"

"Ndabwera kudzafunsa zomwe munaona inuyo, mayi."

"Ndinaona zonse. Ndinaima kumbuyo kwake kuyambira pomwe ng'oma inayamba mpaka pomwe mbale zinachotsedwa. Ine munthu wonyamula kamera sindimukhulupirira, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi."

"Ndiye kuti munkaona galasi lakumbuyo kwa kamerayo."

"Ndinkaliona. Ankajambuladi, zimenezo asakane. Panali kabokosi kobiriwira komwe kanamatirira pa diso la mwana wathu. Akatembenuka, nako kankatembenuka. Akawerama, nako kankawerama. Ndinachita nako mantha, ndinati kodi ndi chiwanda chanji chimenechi? Iye anangoseka kuti lero kamera yadzuka bwino."

Cholembera cha Tahira chinaima. "Pa diso? Mkwatibwi sanavale golide pamphumi?"

Mayi Surraya anamuyang'ana ngati watukwana. "Mwana wa a Chattha, osavala golide? Anavala wa agogo ake, wolemera moti khosi linamuwawa mpaka m'mawa."

"Ndipo kakhadiko anatulutsa inu mukuona?"

"Ndikuona. Koma anthu amenewa manja awo ndi achangu." Apa mawu a mayiyo anatsika, ndipo anakhala pansi mwadzidzidzi. "Ndine ndinamusankha mtsikanayu. Ndine ndinauza ana kuti vulani mipango, muli otetezeka. Mchimwene wanga sakundilankhulitsa kuyambira Lachisanu. Akuchimuna nawo amva kale. Chithunzi chimodzi chokha chikaoneka pa foni ya munthu, ine sindidzapondanso m'nyumba ino."

Tahira anatuluka. Kamera imene Ustadi ankati siona diso la mkwatibwi inaliona Lachinayi madzulo onse. Wina anali ataiphunzitsa.

* * *

Zartaj anali pa benchi ya m'chipinda chosungira akazi, atadzikulunga bulangete labuluu. Tahira anamuikira pambali buledi wotentha wa nani ndi kapu ya tiyi. Mtsikanayo sanazikhudze.

"Lero mukundidziwa?" anafunsa.

Tahira anafuna kunena zambiri, koma pakamwa panatuluka funso la ntchito. "Kamera yako inakhalapo m'manja mwa ndani mwambo usanachitike?"

"Ustadi. Anaitsuka Lachitatu."

"Unakaitenga wekha?"

"Achimwene anga a Shehryar anandibweretsera. Amagwira ntchito pamwamba pa shopuyo, ku ofesi ya Senaro. Ndiwo amakonza makamera a kampaniyo amene akadali m'nthawi yokonzedwa mwaulere."

"Anabwera nayo nthawi yanji?"

"Mochedwerapo. Ndinawakalipira, chifukwa ndinkafuna kutchaja mabatire."

"Ananena chiyani pokupatsa?"

Zartaj anamwetulira pang'ono pokumbukira. "Anati, mawa udzandithokoza, kamwana iwe. Ndinaganiza kuti akunena za kundinyamulira." Kumwetulirako kunazima pang'onopang'ono. Anayang'ana bulangete lomwe anafunda, kenako Tahira. "Ayi, Baji. Ayi. Abwera kuno kawiri. Bulangeteli abweretsa ndi iwowo. Analira pazenera apo ngati mwana."

Tahira anatulutsa foni n'kuimbira Ustadi Inayat, osachoka pamaso pa mtsikanayo.

"Ustadi, funso limodzi. Munati Lachisanu mpando munaukoka nokha. Masiku onse amakunyamulirani ndani?"

"Shehryar, nanga ndaninso? Zaka zisanu ndi chimodzi osaphonya. Bwanji?"

Zartaj anachotsa bulangete lija pamapewa pake n'kuliika patali pa benchi.

* * *

Ofesi ya Senaro inali kachipinda koyera kokhala ndi thebulo lalitali ndi kabati yachitsulo. Shehryar anaimirira msanga ataona yunifolomu. Anali munthu waukhondo, wa zikhadabo zowengedwa bwino, koma ndevu zake zinali za masiku atatu.

"Pali nkhani ya mchemwali wanga? Mukumumasula?"

"Lachisanu masana munali kuti, bambo Shehryar?"

"Kumzikiti, ngati wina aliyense."

"Mzere uti?"

"Wa kumbuyo. Ndinachedwa."

"N'chifukwa chake Ustadi anadzikokera yekha mpando." Tahira anakhala pansi osaitanidwa. "Ndili ndi mbala yomwe imadziwa pokhala kiyi. Ndili ndi mbala yomwe imasiya lenzi yodula, n'kuivundikira mbali zonse ziwiri kuti isalowe fumbi. Ndili ndi kamera yomwe Lachitatu m'mawa inali yakhungu pa diso la mkwatibwi, koma Lachinayi inkalitsata ndi kabokosi kobiriwira. Pakati pa masiku awiriwo inali m'manja mwanu. Mundithandize kuwerenga, ine sukulu ya makamera sindinapiteko."

Shehryar anayang'ana chitseko, kenako zala zake. "Ndinasaina pepala," anatero motsitsa.

"Pepala lanji?"

"Loti sindidzauza munthu aliyense zomwe kampani ikukonza. Ngakhale mkazi wanga. Amatitumizira pulogalamu yatsopano mwezi umodzi isanatuluke, kuti tiiyese pa makamera a muno mu ofesi basi. Ndikaulula, ntchito yatha, ndipo akhoza kutseka ofesi yonseyi. Muli anthu asanu muno, mayi."

"Koma munaiika m'kamera ya mchemwali wanu."

"Ankafuna kuigulitsa!" Mawu anamuphulika. "Sabata yathayi anandiuza kuti watopa nayo, apereka kwa wogula aliyense. Ine ndikudziwa kuti mankhwala ake ali m'kompyuta yangayi, kwatsala masabata atatu okha. Ndimuuze, ndaswa pepala. Ndikhale chete, ataya chuma chake ine ndikuona. Ndiye ndinati, bwanji ndingoiikamo mwakachetechete, aone yekha kuti kamera yake ndi yabwino? Sindinadziwe kuti yoyeserayi ili ndi chilema. Siitumiza zithunzi ku khadi. Imazisunga m'mimba mwa kamera momwemo."

Tahira anaweramira kutsogolo. "Ndiye kuti zithunzi zilipo?"

"Zonse. Nditamuona Zartaj akulowa kwa Ustadi akulira, ndinadziwa kuti mkulu uja akangoyatsa kamerayo aona nambala ya pulogalamu yomwe kunja kulibe, ndipo pofika madzulo msewu wonse wa Nisbat udziwa. Ndinati nditenge mphindi makumi awiri okha, ndisamutsire zithunzi ku khadi, ndibwezeretse pulogalamu yakale, ndiibweze anthu asanatuluke mumzikiti."

"Nanga chinakuletsani n'chiyani?"

Shehryar anatsegula kabati yachitsulo n'kutulutsa chinthu chokulungidwa m'thawulo. Anachiika pa thebulo mosamala. Inali kamerayo. Galasi lake lakumbuyo linali lomatidwa tepi yakuda, mizere inayi yopingasa, ndipo kabowo koyang'anira nako kanali komata.

"Chingwe cha kompyuta sichigwira pa pulogalamu yoyeserayi. Njira ndi imodzi yokha: kusankha zithunzi chimodzichimodzi pa galasipa, ukuziona. Nditayatsa, chinatuluka chithunzi chomaliza. Ndinangoona dzanja lopaka mehendi ndi tsitsi, ndinatembenuza kamerayo chafufumimba. Ndi ana a eni amenewo, mayi. Inenso ndili ndi ana aakazi. Ndikabwezeretsa pulogalamu yakale, zonse zifufutika, ndipo Zartaj sadzakhalanso ndi umboni. Ndinakhala apa kamera ili m'manja mpaka ndinamva anthu akubwera."

"Ndipo munakhala choncho masiku atatu."

"Ndinalembera akulu a kampani Loweruka. Ndinati pali munthu ali m'manja mwa apolisi, ndiloleni ndinene." Anatembenuzira kompyuta kwa Tahira. Yankho linali la mizere iwiri: amvetsa vutolo, koma palibe chololedwa kunenedwa tsiku lolengeza lisanafike. "Musawaone ngati zilombo. Ali ndi chifukwa chawo. Akalonjeza chinthu n'kuchedwa nacho, anthu amawatukwana. Akanena msanga, opikisana nawo amakopera. Ine ndakhala ndikuwateteza pa msewu uno zaka zonsezi."

"Akanangonena mawu atatu okha, kuti vutolo tikulidziwa, tikulikonza, mchemwali wanu akanadikira," anatero Tahira. "Inu simukanaba."

"Ndikudziwa."

"Munamubweretsera bulangete."

Shehryar anaphimba nkhope ndi manja onse awiri. Tahira anafuna kumunyoza, ndipo mawu ake anali okonzeka kale pa lilime. Koma anakumbukira galimoto ija, madenga odzaza anthu, ndi bwana wake ataima pambali. Nayenso anali ndi pepala lake lomwe ankaliopa. Anameza mawuwo.

"Nyamulani kamerayo," anatero. "Mukanena nokha pamaso pa eni ake."

* * *

Kwa a Chattha, amuna anatsala pabalaza. Shehryar anaima pakati pawo n'kufotokoza zonse kuyambira Lachitatu, osakweza mutu. Bambo a mkwatibwi anamvetsera nsagwada zili gwa, ndipo atamaliza anangofunsa funso limodzi: "Unaziona?"

"Dzanja limodzi ndi tsitsi, bwana. Nkhope ayi. Mulungu ndi mboni."

M'chipinda cha akazi, Tahira anatseka chitseko n'kuchitsamira. Zartaj, amene anamutenga ku polisi pobwera, anakhala pa kapeti pakati pa Mayi Surraya ndi mkwatibwi. Mayi Surraya anayamba atembenuza kamerayo uku ndi uku, akupapasa tepi ija ndi chikhadabo. Inali itagwira zolimba, m'mphepete mwake muli kale fumbi la m'kabati.

"Tepi iyi si ya lero," anatero pomaliza, n'kuipereka kwa Zartaj. "Matula."

Zartaj anamatula mizere inayi ija umodziumodzi n'kuyatsa. Nkhope ya mkwatibwi inatuluka, golide ali ngwee pamphumi, diso lili lakuthwa ngati la mbalame. Mkwatibwiyo anafuula pang'ono n'kugwira pakamwa. Anakhala pamenepo ola lathunthu ndi theka, Zartaj akusamutsira zithunzi ku khadi chimodzichimodzi, Mayi Surraya akuwerenga mokweza. Zinakwana mazana asanu ndi limodzi ndi khumi ndi ziwiri. Kenako Zartaj anafufuta zonse m'kamera iwo akuona, natulutsa kakhadiko, n'kukapereka m'manja mwa mayiwo kachiwiri.

Mayi Surraya anakalandira, koma dzanja la mtsikanayo sanalisiye msanga. "Ukwati weniweni ndi Loweruka," anatero. "Ngati ungafune kudzajambula."

"Ndiganiza kaye, mayi," anayankha Zartaj.

Panja, Shehryar ankadikira pafupi ndi galimoto ya apolisi. Ataona mchemwali wake anayenda masitepe awiri n'kuima.

"Zartaj, za lenzi yako usadandaule, ili bwinobwino kwa Ustadi, ndinaonetsetsa kuti..."

"Ndamva, achimwene. Munaivundikira kuti isalowe fumbi," anatero Zartaj. "Ine munandisiya pamtunda."

Mtsikanayo anakana kulembetsa mlandu wakuba. Anati kamera yabwerera, ndipo zotsalazo si za apolisi. Shehryar anauyamba wapansi kulowera ku ofesi, komwe kalata yosiyira ntchito inkafunika kulembedwa kampani isanamve kwa ena.

Tahira anamuperekeza Zartaj pa galimoto mpaka pakamwa pa kanjira ka kwawo. Dzuwa linali likadalipo. Azimayi anali pamakomo akusankha mphodza, ndipo atangoona galimotoyo manja awo anaima. Pamadenga panayamba kuoneka mitu.

"Zikomo, Baji. Ndisiyeni pompano," anatero Zartaj, akukokera mpango wake kumaso. "Ndilowa chakumbuyo."

"Ayi." Tahira anatsika, natenga chikwama cha kamera n'kuchikoleka pa phewa lake, pamwamba pa nyenyezi za yunifolomu. "Loweruka anaona angati?"

"Onse."

"Makomo alipo angati m'kanjira kano?"

"Makumi awiri ndi atatu."

Tahira anakonza chipewa chake. Anapita pa khomo loyamba, pomwe mayi wina wonenepa anali atakumbatira lichero la mphodza, ndipo analankhula mokweza kuti a pamadenga amve.

"Mayi, dzina langa ndine Tahira Gondal. Ndine ndinamutenga mtsikanayu Loweruka. Sanabe kanthu, sanabise kanthu, ndipo wolakwa ndinali ine. Ndimamudziwa bwino. Ndiye anajambula ukwati wa mng'ono wanga."

Mayiyo anangoti kukamwa yasa. Tahira sanadikire yankho. Anagogoda pa khomo lachiwiri.